RSVP si manambala a akomiti: zomwe zinandichitikira pa ukwati wa mnzanga ku England

Ndinakulira ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo makhadi a ukwati ndawagwira osawerengeka. Kumunsi kwa khadi lililonse kumakhala zilembo zinayi, RSVP, ndipo pansi pake pamakhala mayina awiri kapena atatu ndi manambala a foni, wina wa kuchimuna, wina wa kuchikazi. Zaka zonsezo ndinkadziwa kuti amenewo ndi anthu owaimbira ukasochera njira ya kuholo, ukafuna kudziwa komwe kukugulitsidwa nsalu ya yunifolomu, kapena ukafuna kutumiza kangachepe pa foni chifukwa sukwanitsa kufika pa perekaniperekani. Dzina langa lomwe linalembedwapo kawiri pansi pa zilembo zimenezo, pa ukwati wa mng'ono wanga ndi wa mnzanga wa kukwaya. Palibe ngakhale mmodzi amene anandiimbira kuti "ndibwera" kapena "sindibwera", ndipo sindinkayembekezera kuti wina angatero.

Mu 2022 ndinabwera ku Leeds kudzagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Chaka chimenecho boma la Britain linali litatsegula njira yoti ogwira ntchito yotereyi azibwera kuchokera kunja, ndipo Amalawi tinabwera ambiri. Ndinayamba ndi mashifiti a usiku. Amene ndinkagwira naye kawirikawiri anali mtsikana wachizungu wobadwira mumzinda momwemo, wocheperapo kwa ine ndi zaka zingapo. Ndi iyeyo amene anandisonyeza mabasi, kundilembetsa kwa dokotala, ndipo kuzizira kutayamba anandibweretsera chijasi chake chakale ataona kuti kajuzi komwe ndinabwera nako sikangandipulumutse. Munthu wotero sumuiwala.

Mu February 2023 anandipatsa envelopu pa nthawi yopuma. Munali khadi la ukwati wake wa mu June. Ndinamukumbatira, n'kumuuza kuti ndasangalala kwambiri. Kwa ine nkhani inathera pomwepo: wandiitana, ndathokoza, ndidzapita. Mu envelopumo munalinso kakhadi kena kakang'ono kokhala ndi timabokosi titatu, ka nkhuku, ka nsomba ndi ka zamasamba, ndi mzere wolembapo zakudya zimene zimakudwalitsa. Pansi pake panalembedwa kuti "RSVP by 1st April", ndi adiresi ya imelo. Ndinaganiza kuti akungotidziwitsa ndiwo zimene zidzakhalepo. Ndinamata khadilo pa filiji, ndipo tsiku lililonse ndinkaliona ndi mtima wokondwa.

Patapita milungu ingapo anamusinthira ku mashifiti a masana, tinasiya kukumana pafupipafupi. Kumapeto kwa March ananditumizira uthenga pa WhatsApp wondifunsa ngati ndaliyang'ana khadi lija. Ndinayankha kuti ndaliona, ndi lokongola zedi, n'kuwonjezera kachizindikiro ka mtima. Iye sanafunsenso. Ine ndinali nditatumiza kale ndalama kumudzi kuti andisokere diresi la chitenje, ndipo linabwera ndi munthu amene ankachokera ku Blantyre.

Tsikulo linali Loweruka. Kwathu munthu sapita yekha ku ukwati, choncho ndinatenga msuweni wanga amene amakhala ku Bradford. Tinakwera sitima mpaka ku Harrogate, kenako takisi kupita kumalo a mwambowo, nyumba yakale ya pafamu imene anaikonza kuti izichitikira maukwati. Mwambo wa malonjezo unayenda bwino. Tinakhala kumbuyo, tinawomba m'manja, ndinagwetsa misozi mnzanga akulowa. Atatiwona potuluka, nkhope yake inawala, kenako ndinaona ngati mtambo wadutsapo. Sindinamvetse chifukwa chake.

Ndinamvetsa nthawi ya chakudya itakwana. Pakhomo la chipinda chodyera panaima chikwangwani chachikulu, cholembedwa matebulo onse ndi mayina a anthu okhala pa tebulo lililonse. Anthu ankangoyang'ana, n'kupeza dzina lawo, n'kulowa. Ine ndinayendetsa chala kuchokera pa tebulo loyamba mpaka lomaliza. Ndinabwerezanso, pang'onopang'ono, poganiza kuti mwina alemba dzina la bambo m'malo mwa langa. Kachitatu msuweni wanga anandigwira dzanja n'kulitsitsa. Tikasuzumira mkati tinkaona kuti pa mbale iliyonse pali kapepala kopinda kokhala ndi dzina la munthu. Panalibe mpando ngakhale umodzi wopanda mwini.

Mayi ake a mkwatibwi anabwera mwakachetechete, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene akuganiza zinthu khumi nthawi imodzi. Anapita kukanong'onezana ndi mtsikana woyang'anira malowo, amene ananyamula mndandanda m'manja. Zinapezeka kuti bambo wina amene anavomera kubwera wadwala m'mawa womwewo, ndiye mpando umodzi unalipo. Umodzi wokha. Msuweni wanga sanachedwe. Anati, "Lowa iwe, ndiwe amene anakuitana. Ine ndikhala panja apa, kunja kuli bwino." Anakhala pa benchi m'munda wa maluwa maola oposa awiri atavala diresi lake latsopano, mpaka nthawi ya magule a madzulo pamene khomo linatsegukira alendo ena. Ine ndinakhala pa mpando wolembedwa dzina la bambo amene sindinamuonepo, n'kudya nsomba imene iyeyo anasankha miyezi iwiri m'mbuyomo. Siinkatsika pakhosi. Ndinkangoyang'ana pawindo.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mawu a mkwatibwi. Zolankhulalankhula zitatha anabwera pomwe ndinali, atanyamula diresi lake kuti lisakwakwe pansi, n'kundigwira manja onse awiri. Anati, "Ndimaganiza kuti sukufuna kubwera koma ukuchita manyazi kundiuza. Ndinakusungira malo mpaka tsiku lomaliza limene eni malo ano anafuna chiwerengero, kenako ndinapatsa wina." Ankapepesa iyeyo, pa tsiku la ukwati wake, chifukwa cha chinthu chimene ndinalakwitsa ine. Kwa miyezi iwiri mtsikana amene anandiveka chijasi chake ankayenda ndi maganizo akuti ndamukana mwakachetechete.

Lolemba usiku ndinali pa shifiti ndi mayi wina wachikulire wa ku Lubumbashi, ku Congo, amene tonse timawatchula kuti mama. Okalamba atagona ndinawafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga cholembera n'kulemba kuseri kwa pepala mawu anayi, lililonse pa mzere wake: répondez s'il vous plaît. Anati, "Mwana wanga, ichi si Chingerezi ayi. Ndi Chifalansa. Azungu a kuno anangobwereka." Ananditchulira pang'onopang'ono kuti ndimve: "reponde sil vu ple". Chilembo chomaliza cha répondez sichimveka, cha vous ndi cha plaît chimodzimodzi.

Anandimasulira liwu ndi liwu. Répondez ndi kuti "yankhani". S'il ndi mawu awiri ophatikizana, si ndi il, ndipo akutanthauza "ngati chi-". Vous ndi "inu". Plaît ndi kukondweretsa kapena kukomera. Zonse pamodzi: "yankhani, ngati chikukomerani". Pamenepo ndinati, "Ndiye mama, si ndiye kuti munthu uli ndi ufulu woyankha kapena osayankha?" Anapukusa mutu. Anandiuza kuti s'il vous plaît ndi "chonde" wa Afalansa, basi, mawu amene amanena pogula buledi kapena popempha madzi. Ndinakumbukira mmene amalume anga amalankhulira: "Ngati mungathe, mundipeze kunyumba Lamlungu." Palibe mwana wa mlongo wawo amene amamva mawu amenewo ngati kuti wapatsidwa mwayi wosankha. "Ngati" ameneyo ndi ulemu chabe, pempho lili chilili.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi vous uja. Mama anandifotokozera kuti Chifalansa chili ndi tu ndi vous, monga ife tili ndi "iwe" ndi "inu". Kwa mwana kapena mnzako wapamtima umati s'il te plaît. Kwa wamkulu, kwa mlendo kapena kwa anthu ambiri umati s'il vous plaît. Chingerezi cha lero chilibe kusiyanitsa kumeneku, aliyense ndi you, mfumu ndi khanda lomwe. Ndiye kuti zilembo zinayi zimene ndinazinyalanyaza pa filiji zinkandilankhula m'njira imene ife Achewa timaimvetsa kuposa Angerezi eni ake. Zinkanditchula kuti "inu". Munthu anaima pakhomo panga n'kuodira mwaulemu, ine osamuyankha.

Ndinawafunsa mama chifukwa chimene Angerezi amalembera Chifalansa pa makhadi awo pomwe ali ndi chilankhulo chawo. Anangoti Chingerezi chadzaza ndi Chifalansa, ndipo zambiri ndinakawerenga ndekha. Mu 1066 William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings n'kulanda ufumu wa England. Kwa zaka pafupifupi 300 kuchokera pamenepo, Chifalansa chinali chilankhulo cha kubwalo la mfumu, cha olemera ndi cha m'makhothi. Mpaka lero pa chizindikiro cha ufumu chimene chili pachikuto cha pasipoti ya Britain pali mawu Achifalansa akuti Dieu et mon droit, "Mulungu ndi ufulu wanga". RSVP yokha inalowa mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene Chifalansa chinali chilankhulo cha akazembe ndi cha anthu apamwamba mu Europe monse, ndipo amene ankaitanira anzawo ku madyerero ankaona kuti kupempha yankho m'Chifalansa n'kwaulemu. Angerezi anazolowera zilembozo mpaka kuiwala zimene zimaimira. N'chifukwa chake muona makhadi ena atalembedwa kuti "please RSVP", kutanthauza kuti anena "chonde" kawiri, ndipo mumva munthu akufunsa kuti "have you RSVP'd?" ngati kuti ndi mneni wa Chingerezi.

Kubwereka mawu si kwachilendo. Nsapato, kalata, chipewa ndi mbatata tinazitenga kwa Apwitikizi, ndipo lero palibe amene amaziona ngati zachilendo. Koma liwu likamayenda ulendo wautali limatha kutaya katundu wina m'njira. RSVP inachoka ku France kupita ku England, kuchoka ku England inadzafika kwathu pa makhadi osindikizidwa, ndipo pofika ku Area 25 pempho lija linali litagwera m'njira. Zinatsala ndi zilembo ndi manambala a akomiti. Sindikunena kuti kwathu timalakwitsa. Pa ukwati wa kumudzi palibe chifukwa chofunsira amene abwere, chifukwa mudzi wonse ubwera, amayi aphika m'migolo kuyambira usiku, ndipo wosowa mpando ayala chitenje pansi. Vuto limayamba ukanyamula tanthauzo la kwanu n'kupita nalo kwa eni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali ndi miyezi inayi yofunsira.

Mnzanga uja atabwera ku tchuthi cha ukwati tinakhala pansi, ndipo anandifotokozera mmene zimayendera. Malo ochitira maukwati kuno amalipiritsa pa mutu uliwonse. Iye analipira mapaundi pafupifupi 70 pa munthu mmodzi, chakudya chokha. Eni malo amafuna chiwerengero chomaliza milungu ingapo tsiku lisanafike, pamodzi ndi chakudya chimene aliyense wasankha, ndipo ophika amakonza mbale zokwanira chiwerengero chimenecho. Chipinda chilichonse chilinso ndi malire a anthu amene angalowemo malinga ndi malamulo oteteza anthu ku ngozi ya moto. Amene wavomera n'kulephera kubwera wataya ndalama za mnzake. Amene sanayankhe n'kubwera wamuika mnzake pa chisankho chowawa pa tsiku limene amayenera kungosangalala.

Ndiye ngati mwangofika kumene kuno, kapena kulikonse kumene makhadi amalembedwa motere, chonde tengani izi kwa ine. Mukaona RSVP, yankho likufunika kaya mupita kaya simupita, ndipo liperekedwe kudzera m'njira imene yalembedwapo: imelo, nambala, kakhadi kobweza, kapena tsamba la pa intaneti. Kuthokoza pakamwa polandira envelopu sikuwerengedwa. Tsiku limene lalembedwa pambuyo pa "RSVP by" ndi tsiku lomaliza loyankhira, si tsiku la mwambo. Yang'anani bwino dzina pa envelopu. Ngati pali dzina lanu lokha, mwaitanidwa nokha. Ngati akufuna mubwere ndi wina alemba dzina lake, kapena "and guest", kapena "plus one". Ana nawonso salowa pokhapokha atatchulidwa kapena patalembedwa "and family". Makhadi ena amakuitanirani ku chigawo cha madzulo chokha, ndipo si chipongwe, ndi mmene amagawira alendo. Mukaona "regrets only", pamenepo ndi pokhapo pomwe kukhala chete kukutanthauza kuti mubwera, chifukwa akufuna kumva kwa olephera okha.

Yankho lenilenilo silifuna Chingerezi chambiri. Ziganizo ziwiri zakwana: zikomo pondiitana, ndibwera, ndasankha nkhuku. Kapena: zikomo pondiitana, pepani sinditha kubwera, ndikufunirani zabwino. Simukufunika kufotokoza chifukwa. Apa ndi pomwe ife timavutika kwambiri, chifukwa tinaleredwa kuti kukana kuitana kwa munthu maso ndi maso n'kupanda khalidwe. Timati "tiona", "ndiyesetsa", "Mulungu akalola". Kwathu womva amadziwa kumasulira mawu amenewo malinga ndi kamvekedwe kake. Kuno munthu amene ali ndi mndandanda m'manja sangalembe "tiona" pa tebulo lachisanu. "Ayi" womveka bwino, woperekedwa nthawi yabwino, amamupatsa mpata woitana wina amene anamusiya chifukwa cha kuchepa kwa malo. Ndipo zikasintha mutavomera kale, nenani tsiku lomwelo.

Izi sizikhudza maukwati okha. Mwana akabwera kuchokera kusukulu ndi kapepala ka phwando la tsiku lobadwa la mnzake, kholo linalo likudikira uthenga wanu chifukwa malo osewerera ana amalipiritsa pa mwana aliyense. Kuntchito, kuitanira ku msonkhano kumene kumabwera pa Outlook kapena Google Calendar ndi RSVP yomweyo, yangovala zina. Ndipo kwathu nakonso zikusintha. Maukwati a m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre tsopano amawerenga mbale, ndipo makhadi ambiri amanena kuti khadi limodzi likulowetsa anthu angati.

Mu 2024 dzina langa linalembedwa pansi pa zilembo zinayi zija kachitatu. Msuweni wanga yemwe uja, amene anakhala pa benchi m'munda, anapeza banja, ndipo tinakonza chinkhoswe chake ku Bradford. Holo imene tinabwereka inkalola anthu 100, osapitirira, ndipo woyang'anira ananena momveka kuti adzawerenga pakhomo. Pa msonkhano wa komiti ndinapempha kuti tisangolemba RSVP. Pansi pake tinawonjezera mzere wa Chichewa: "Chonde tiyankheni pofika pa tsiku ili ngati mubwera kapena ayi, ndipo mutiuze kuti mubwera angati. Malo ndi owerengeka."

Tsiku lomaliza litatsala sabata imodzi, oyankha sanakwane ndi theka lomwe. Ndinkachoka pa shifiti m'mawa, m'malo mogona n'kuyamba kuimba foni mmodzimmodzi. Apo ndi pomwe ndinalawa zimene mnzanga analawa chifukwa cha ine. Umayang'ana dzina la munthu amene umamukonda, osadziwa ngati ulisiye kapena ulifufute. Bambo wina wachikulire, amene tonse kuno timawatenga ngati kholo, anakhumudwa nditawaimbira. Anati, "Kodi mwana wanga, tsopano pa chinkhoswe tizichita kulembetsa ngati mayeso?" Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, mpando wanu ulipo kale kutsogolo. Ndikungofuna kudziwa kuti ndisunge ingati pambali panu, kuti anthu anu asadzaime pakhomo." Anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti andiimbiranso.

Amayi anga, nditawadandaulira pa foni, anandikumbutsa kuti chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala. Mwambi umenewu ndimaukhulupirira, ndipo pa chinkhoswecho nsima ndi mpunga tinaphika zoposa chiwerengero. Koma ndinawauza kuti kuno chimene chimachepa si chakudya, ndi khomo. Munthu wa 101 akafika, woyang'anira holo sadziwa kuti ameneyo ndi ankhoswe kapena ndi azakhali a mkwati. Ndinali nditaona kale mmene nkhope ya munthu imaonekera akamayendetsa chala pa mndandanda umene mulibe dzina lake, ndipo sindinafune kuti wina aliyense azione pa tsiku la msuweni wanga.

Bambo aja anaimba patapita masiku awiri. Anati, "Lembani, mwana wanga. Ine ndi mayi anu tibwera. Anyamata awiri aja ali kuntchito, sabwera." Malo awiri amenewo ndinapatsa banja lina limene linali litangofika kumene kuchokera ku Mzuzu, losadziwa munthu aliyense mumzindawu.

Mnzanga wachizungu uja tinamuitananso pamodzi ndi mwamuna wake. Ndinamupatsa envelopu masana posinthana shifiti, ndipo yankho lake linafika madzulo a tsiku lomwelo: abwera awiri, koma mwamuna wake mtedza umamudwalitsa koopsa. Ndiwo zathu zamasamba zonse zinali zotendera. Ndinaimbira amayi ophika usiku womwewo, ndipo tinagwirizana kuti mpiru wake adzauphikire m'poto wapadera, wopanda nsinjiro, ndi mthiko wakewake.